Anandiumbira Nsagwada ndi Fupa la M'chiuno

Sindinamve kupweteka. Anthu akandifunsa amayembekeza kuti ndinena za ululu, koma chimene ndinamva ndi phokoso, kenako khutu lakumanzere linatseka. Ndinali nditakhala pamkeka kuseri kwa nyumba ndikusankha mpunga m'lichero. Nditayang'ana pansi ndinaona mpunga wafiira, ndipo pakati pake panali mano awiri. Ndinawayang'ana kwa kanthawi ndisanazindikire kuti ndi anga. Ndinafuna kuitana, koma kamwa linakana kutseka ndipo lilime linangogwera kumbali.

Linali Lamulungu masana, mwezi wa Epulo, chaka chachiwiri chiyambire matipate. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yoperekera zakudya pa loji ina ku Senga Bay. Lamulungu ndinkapuma, ndiye ndinkapita kwa Maganga kumene amuna anga, bambo a Mwayi, ankalima. Mwana wathu Mwayi anali ndi zaka zinayi, ndipo tsikulo anali kwa azakhali ake.

Zaka zimenezo nkhani za akuba a mfuti zinali paliponse. Nyumba yathu inali payokha, kumapeto kwa dambo. Amuna anga anagula gogodera kwa mmisiri wina wosula makasu, mfuti yopanga pamanja ija imene amathiramo wonga ndi tizidutswa tachitsulo. Ankaopsezera anyani kumunda, ndipo ankati ikhoza kudzatithandiza akuba akabwera. Chiphaso chake analibe. Tsikulo anaitsitsa kudenga kuti achotsemo wonga wakale. Anakhala pachitsa chapafupi ndi ine. Sanandiloze. Izi ndimazinena kulikonse kumene ndafotokoza nkhaniyi, chifukwa ndi zoona.

Anandinyamula n'kundilowetsa m'nyumba. Anandimanga chitenje kuzungulira mutu ndi chibwano, n'kukanikiza ndi manja mpaka magazi anachepa. Palibe amene anabwera kudzafunsa, popeza anthu anali atazolowera kumva mfutiyo ikulira kumunda. Amuna anga ankalira. Kenako anagwada pafupi ndi mphasa n'kunena kuti, "Mayi a Mwayi, tikapita kuchipatala akafuna kalata ya kupolisi. Andimanga. Tiyeni tione kaye mawa."

Sindinavomere, sindinakane. Ndinalibe choyankhira.

Lolemba anaitana bambo wina amene ankagulitsa mankhwala pamsika. Bamboyo anakweza chitenje pang'ono, n'kuchibwezera msanga. Anandibaya jakisoni pathako, nati izi si za iye, tipite kuboma. Amuna anga anati tipita kutupa kukachepa. Kumwa madzi sindinkatha. Ankafinyira kansalu konyowa pakona ya mlomo, madzi ena n'kumatulukira patsaya.

Lachiwiri diso lakumanzere linatsekeka ndi kutupa. Thupi linatentha, khosi linakula, ndipo m'nyumba munayamba fungo limene ndinkalimva ngakhale ineyo. Ntchentche zinkatera pachitenje. Ndikagona chagada lilime linkabwerera kukhosi, ndiye ndinkakhala tsonga, nditatsamira khoma, mutu nditaweramitsa. Ndikukumbukira kuti sindinkaopa. Ndinkangoyang'ana nyerere zikuyenda m'mphepete mwa mphasa.

Lachitatu m'mawa kunabwera achemwali anga, a Felesiya, amene ankagulitsa nsomba zouma pamsika wa Salima. A ku loji ndi amene anawatumizira uthenga kuti sindinaoneke kuntchito masiku awiri. Analowa osaodira. Atandiona anatembenukira amuna anga n'kunena kuti, "Alamu, pezani ngolo pompano."

Ngolo inatifikitsa pamsewu, pamsewu tinakwera matola. Anthu a m'galimotomo anatipatsa malo ambiri, ena atatseka mphuno. Kuchipatala cha boma anesi anachita kudula chitenje ndi sizasi ataviika madzi, chifukwa chinali chitamatirira. Anandiika diripi mikono yonse iwiri. Adokotala anafunsa kuti zachitika liti. Amuna anga anachedwa kuyankha, ndiye ndinakweza zala zitatu. Adokotala aja anangolemba. Za kalata ya kupolisi palibe anafunsa mpaka atamaliza kundithandiza. Apolisi anachita kuitanidwa pambuyo pake, ndipo ndinamva amuna anga kukhonde akuwauza kuti kunabwera akuba Lamulungu, omwe anatiopseza kuti tikanena adzabweranso kudzatimaliza.

Madzulo a tsiku lomwelo ambulansi inanditengera ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Njira yonse ndinakhala choweramira, a Felesiya atandigwira pamphumi. Titafika, kupuma kunali kukumveka ngati mluzu. Anandilowetsa ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, nthawi yomweyo. Ndinadzuka ndili ndi kapaipi pakhosi kopumira, kapaipi kena m'mphuno kodyera, ndi bandeji kumutu konse. Anandiuza kuti a Felesiya apereka magazi.

Moyo wa muwodi unali umodzimodzi tsiku ndi tsiku. M'mamawa anesi ankayeza kutentha kwa thupi, n'kuyamwa makhololo m'kapaipi ka pakhosi ndi makina. Kenako okolopa ankatulutsa magadiyani onse panja. Adokotala akadutsa, inkafika nthawi yotsuka bala ndi madzi a mchere. A Felesiya ankaphika phala la soya kukhitchini ya magadiyani, n'kulisefa pakansalu kuti likhale lamadzimadzi, n'kumalikankhira m'kapaipi ka m'mphuno ndi sirinji yaikulu. Ndinkamva kutentha kukutsikira m'mimba, koma kukoma ayi. Iwo ankagona pansi pa bedi langa, pakatoni.

M'masabata awiri oyambirira ndinapita ku fiyeta katatu. Ulendo uliwonse ankachotsa mnofu wakufa, tizidutswa tafupa ndi zitsulo. Anesi ena anandionetsa m'kambale zimene anatulutsa: mitu ya misomali, ndi kachidutswa ka sipoko ya njinga. Ulendo wachitatu anamanga mano otsala am'munsi ndi am'mwamba ndi mawaya, kuti nsagwada yotsalayo isapotoke. Kumutu kwa bedi anapachika kachitsulo kodulira waya. Anesi anauza a Felesiya kuti, "Akayamba kusanza, musatidikire. Dulani apa ndi apa."

Anandigulira kope ndi pensulo. Choyamba kulemba chinali kufunsa kumene kuli Mwayi. Zina zonse zinali zazing'ono: madzi, kutembenuka, kukodza. Amuna anga anabwera kawiri. Ankaima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja, akuyang'ana diripi.

Sabata lachitatu a Felesiya anapita ku Salima kukaona ana awo, ndipo anabwerako ndi nkhani. Kumudzi kwa amuna anga kunali bambo wina dzina lake a Zuze, wa ku Mozambiki, amene anatsalira anzake othawa nkhondo atabwerera kwawo. Ankagwira maganyu m'minda ya mpunga, kwathunso analimako. Anthu atamva za akuba a mfuti anati wa ku Mozambiki ndi amene angadziwe za mfuti. Anawamenya, anawathyola mkono, n'kuwatenthera nyumba. Apolisi anawalanditsa, koma anawasunga m'chitokosi. Amuna anga analipo pamene zinkachitika, ndipo sananene kanthu.

A Felesiya anandiuza izi akutsuka sirinji, osandiyang'ana. Atamaliza anati, "Mng'ono wanga, ine sindinakufunsepo. Sindikufunsanso lero. Koma munthu uja ali m'chitokosi."

Patapita masiku awiri kunabwera wapolisi kudzatenga mawu anga. Anakhala pampando ndi faelo yake, n'kumafunsa kuti akubawo anali angati, anavala chiyani. Ndinatenga kope lija ndi kulemba mizere inayi. Kunalibe akuba. Mfuti ndi ya amuna anga. Inalira mwangozi. A Zuze sakudziwapo kanthu.

Wapolisiyo anawerenga, n'kundifunsa ngati ndikudziwa tanthauzo la zimene ndalemba. Ndinasaina m'munsi mwake. Anang'amba pepalalo bwinobwino n'kuliika m'faelo. Ndinkadikira kuti mtima uwawa kapena upepuka, koma sindinamve chilichonse. Inakwana nthawi ya phala, a Felesiya anandipatsa, ndinagona.

Amuna anga sanakane. Anakawaonetsa apolisi pamene anakwirira mfutiyo kudambo, ndipo khoti linawalamula kukakhala kundende. A Zuze anatulutsidwa. Ndinamva kuti mkono utapola anabwerera kwawo. Sindinawaonenso, ndipo sindikudziwa ngati anauzidwa kuti ndine ndinalemba pepala lija, kapena kuti ndinakhala masabata atatu ndisanalilembe.

Sabata lachisanu ndi chimodzi anachotsa kapaipi ka pakhosi ndi mawaya. Tsiku lomwelo ndinalemba kuti ndikufuna galasi. Anesi anafunsa ngati ndatsimikiza, kenako anabweretsa lawo la m'chikwama. Kuyambira pachibwano mpaka pafupi ndi khutu lakumanzere kunalibe fupa, nkhope inali italowa m'kati. Chibwano chinakhotera kumanzere. M'munsi mwa tsaya munali bowo loti chala chachikulu n'kulowa, ndipo lilime linkaonekera. Ndinayang'ana ngati ndikuona wodwala wa bedi lina, kenako ndinabweza galasilo.

Adokotala anafotokozera a Felesiya, ine ndikumvetsera. Anati nsagwada ikhoza kuumbidwanso, koma osati pamenepo. Choyamba mafinya athe, thupi libwerere. Chachiwiri, ntchito imeneyo ankaichita madokotala apadera amene ankabwera ku Blantyre nthawi ndi nthawi. Anandilemba pamndandanda, n'kutiuza kuti tizibwera kudzapimidwa mwezi uliwonse.

Ndinakakhala kwa a Felesiya paboma, kufupi ndi sitesheni ya sitima. Mwayi anali atamutengera komweko. Nditatsika galimoto anathamanga, koma atafika pafupi anaima, n'kukabisala kumbuyo kwa amayi ake aakulu. Ndinamuitana ndi dzanja, anakana. Masiku angapo ankandiyang'ana patali, makamaka mapazi ndi manja. Tsiku lina m'mawa anabwera ndi chipeso, n'kukhala pakati pa miyendo yanga atandifulatira, kuti ndimuluke tsitsi. Kwa miyezi yambiri ankakhala nane choncho, chofulatira.

Kudikira kunali kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi. Ndinkamanga duku pansi pa chibwano, kathaulo kali m'kati, chifukwa malovu sankasiya kutuluka. Kathauloko ndinkasintha kangapo patsiku. Ndinaphunzira kumwa phala nditapendekera kumanja, bowo nditalitseka ndi nsalu. Kumsika sindinkapita, kutchalitchi sindinkapita. Amayi a mvano ankabwera kudzapemphera, ine n'kumangokhala. Ndinkamva sitima ikadutsa, ndinkachapa mbale, ndinkaonda.

Mu Novembala uthenga unafika kuti madokotala aja abwera. Tinakwera basi mpaka ku Blantyre. Tinapeza khonde lodzaza: ana ong'ambika milomo, anthu opsa ndi moto, bambo wina wodyedwa mphuno ndi matenda. Tinadikira masiku awiri kuti ationeko. Atandiyeza magazi anati ndi ochepa, sangandigonetse maola ambiri. Anandipatsa mapilitsi owonjezera magazi n'kuti tibwerenso ulendo wina. Pobwerera a Felesiya analira m'basi kuyambira ku Balaka. Ine ndinkayang'ana panja.

Ulendo wachiwiri unali mu Meyi chaka chotsatira. Apa magazi anakwana. Dokotala wamkulu wa gululo anali mayi wachikulire, ndipo ankalankhula kudzera mwa anesi otanthauzira. Anandigwira nkhope ndi manja onse awiri, n'kuisuntha uku ndi uku. Anati ayamba ndi kutseka bowo, chifukwa fupa silingakhale pamalo podutsa malovu. Anadula khungu ndi mnofu pachifuwa, pamwamba pa bere lakumanzere, n'kuzikokera m'mwamba kudzera m'khosi osazidula kumizu kwake, n'kuzisokerera patsaya. Masiku oyamba anesi ankabwera pafupipafupi kudzadina chigambacho ndi chala kuti aone ngati magazi akuyenda. Anati chikada, ndiye kuti chafa. Sichinade. Kwa nthawi yoyamba m'chaka chathunthu ndinamwa madzi osanyowetsa malaya.

Fupa anadzaliika mu Okutobala. Anandiuziratu kuti alidula m'chiuno, pamene timamangira chitenje, aliseme kuti likhote ngati nsagwada, n'kulilumikiza mbali zonse ziwiri ndi kachitsulo ndi tizisikuluwu. Ndinalowa ku fiyeta m'mawa, ndinadzuka kunja kukuda. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti chiuno ndi chimene chinkapweteka, kumaso ayi. Kumaso kunali dzanzi lokhalokha. Anandimanganso mawaya masabata asanu ndi limodzi, ndipo tinabwerera ku sirinji ndi phala losefa. Tsiku lachinayi anandiimitsa kuti ndiyende. Ndinayenda kuchoka pabedi kukafika pazenera, anthu awiri atandigwira.

Sabata lachitatu panatuluka kachithupsa pansi pa chibwano, kenako kanaphulika n'kumatulutsa mafinya. Dokotala wa pachipatalapo, amene anatsala nafe alendo aja atapita, anati, "Amayi, ndikuuzeni zoona. Mafinyawa akafika pafupa, fupalo tilichotsa, tidzayambirenso." Anandiika pa majakisoni masiku khumi, m'mawa ndi madzulo. Anachotsa kasikuluwu kamodzi kamene kanamasuka. Ndinkawerenga majakisoniwo polemba timizere kuchikuto cha kope. Mafinya anauma. Atandijambula, dokotala uja anakweza chithunzi pazenera n'kundionetsa pamene fupa latsopano layamba kugwirana ndi lakale.

Mawaya atachoka, kamwa linkangotseguka mpata wa chala chimodzi. Anandipatsa timitengo tathyathyathya timene amapanikizira lilime poyeza kukhosi. Ndinkatisanjikiza n'kutilowetsa pakati pa mano akumanja, katatu patsiku, ndipo masiku angapo alionse ndinkawonjezera kamodzi. Apa ndiye pamene ndinamva ululu weniweni, woti misozi n'kutuluka yokha. Ndinayamba ndi timitengo tinayi, ndinalekera pa khumi ndi tisanu.

Kulankhula kunabwerera pang'onopang'ono. Mawu ofuna kuti milomo ikumane ankandivuta. Dzina la mwana wanga linkatuluka kuti "Wayi". Iye ankaseka, n'kumandikonza ngati mphunzitsi, atandiyang'ana pakamwa. Ndi m'mene anazolowerera nkhope yanga.

Ku loji anandilandiranso, koma osati kumatebulo. Abwana anati kwa alendo kuli kale munthu, ndipite kochapira. Sindinatsutse. Ndimachapa ndi kusita nsalu za pabedi kuseri kwa khitchini, ndipo kumeneko ndakhalako mpaka lero.

Bambo a Mwayi atatuluka kundende anabwera pageti ya loji. Anali ataonda, tsitsi litayamba imvi. Anapepesa, maso ali pansi. Ndinawauza kuti za mfuti ndinazisiya kale, chifukwa ngozi ndi ngozi. Anafunsa ngati ndinawakhululukiranso za masiku atatu aja amene anandisunga m'nyumba, ndinati sindikudziwa. Ankhoswe anakumana, ukwati unatha popanda phokoso. Amabwera kudzaona mwana, nthawi zina ndi thumba la mpunga. Tikamalankhula amakhala kumanja kwanga, mbali yosavulala.

Panopa ndili bwino. Ndimadya mpunga wofewa, mbatata, nthochi, nsomba yochotsa minga. Nzimbe ndi chimanga chokazinga ndinasiya. Mano akumanzere am'munsi kulibe, ndimatafunira kumanja. Mlomo wam'munsi sumva kanthu, moti tiyi ndimayamba ndamuyesa ndi chala, ndipo chakudya chikatsalira pachibwano Mwayi amachita kundikodola. Chigamba cha patsaya n'choyererapo kuposa nkhope yonse. Nyengo yozizira kachitsulo kaja kamandikumbutsa kuti kalipo, ndipo ndikayenda mtunda wautali chiuno chimawawa. Duku la pansi pa chibwano ndinasiya kumanga. Ana amandiyang'ana m'minibasi, akuluakulu amayang'ana kumbali.

Ndafotokoza izi chifukwa mfuti zikadalipo m'madenga mwa anthu, ndipo mantha amene anagwira amuna anga akhoza kugwira aliyense. Wina akavulala kumaso, ndi mfuti, ndi chikwanje kapena pangozi ya pamsewu, kanikizani pabalapo ndi nsalu yoyera, mukhazikeni choweramira kutsogolo kapena mugonekeni cham'mbali, ndipo nyamukani naye tsiku lomwelo. Musamugoneke chagada. Musadikire kuti kutupa kuchepe, musaitane wogulitsa mankhwala. Ine kuchipatala anandithandiza kaye, za apolisi zinabwera pambuyo.

Tsiku lomaliza kukapimidwa ku Lilongwe ndinakumana ndi adokotala amene ankandithandiza muwodi poyamba paja. Inali nthawi yoyamba kuti amve mawu anga. Ndinawafunsa ngati zikanasintha ndikanabwera Lamulungu lomwelo. Anatseka faelo, n'kuika zala ziwiri pansagwada pawo.

"Mfuti inaswa apa pokha," anatero. "Tikanamanga ndi waya, mukanatuluka mwezi umodzi kapena iwiri." Kenako anayendetsa dzanja kuchoka pachibwano mpaka kukhutu. "Konseku kunawolera kunyumba."

Ndinawathokoza, ndinatenga buku langa lakuchipatala, ndinapita kudepoti kukakwera minibasi ya ku Salima.